TV yakale ikakonzedwa, ipezereni ntchito ina

M'nyumba zambiri za m'matauni athu muli TV imene inachotsedwa pabalaza. Ina ili pamwamba pa wadiropu itakulungidwa m'chitenje, ina yatsamira khoma kuseri kwa chitseko cha chipinda cha alendo, ina ili m'katoni momwe munabwera yatsopano. Mukafunsa eni ake amati inangozima yokha, kapena mawu amamveka koma zithunzi ayi. Ena anaikonzetsa ndithu, koma pamene imachokera kwa okonza n'kuti mwana wa ku Joni atatumiza kale ina yaikulu, ndiye yakaleyo inasowa malo. Kutaya amachita nayo chisoni poti inadya ndalama, kugulitsa ogula amatchula mtengo wonyoza. Choncho imangokhala, fumbi ndi mphemvu n'kumalowa m'timabowo take topumira, mpaka imene inkangofuna kukonza pang'ono imafa zenizeni.

Mwezi uno tikambe za ma TV oterewa. Ndikunena opyapyala aja, osati akale a chimimba kumbuyo.

Tiyambe ndi kudziwa chimene chinafa, chifukwa ambiri amatayidwa pa matenda ang'onoang'ono. Mkati mwa TV yopyapyala mulibe zinthu zambiri monga momwe timaganizira. Muli bolodi lolandira magetsi a pakhoma n'kuwachepetsa mphamvu, lina lolandira zithunzi ndi mawu kuchokera ku dikoda kapena ku eriyo, galasi lopanga chithunzi, komanso nyali zounikira galasilo kuchokera kumbuyo. Galasi la LCD palokha silitulutsa kuwala. Nyali zija zikazima, TV imaoneka yakufa ngakhale chithunzi chikadalipo. Izi mungaziyese nokha osamasula chilichonse. Kukada, yatsani TV pa tchanelo chimene mawu akumveka, kenako walitsani tochi ya foni pafupi kwambiri ndi galasi mopendeketsa. Mukaona anthu akuyenda mwachizimezime, dziwani kuti galasi ndi lamoyo, zafa ndi nyali. Tinyali ta LED timalumikizidwa mondondozana, kotero kamodzi kakapsa mzere wonse umazima, ndipo ma TV ambiri amazimitsa nyali zonse pofuna kudziteteza. Wokonza wodziwa ntchito amasintha mizere imeneyi, ngakhale ndi ntchito yofuna manja ofatsa chifukwa amayamba wanyamula galasi lenilenilo, lomwe ndi lopyapyala kwambiri.

Vuto lina lofala ndi la makapasita a pa bolodi la magetsi. TV imayamba kuchedwa kuyaka, kagetsi kofiira kamangophethira, mwina mumamva kuti "tha, tha" mkati, kenako tsiku lina osayakanso. Makapasita ndi timigolo ting'onoting'ono tosunga magetsi, ndipo tikatopa ndi kutentha timafufuma pamwamba. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi TV yatsopano. Koma galasi likang'aluka, kaya mwana analigenda kaya linagwa posamuka, musataye ndalama. Galasi ndilo limatenga gawo lalikulu la mtengo wa TV, ndipo kupeza lofanana nalo ndi kovuta. TV yotero ili ndi ntchito ina imene ndiinena kumapeto.

Abambo okonda kumasula zinthu Lamlungu masana, apa pokha pepani. Kapasita wamkulu wa pa bolodi la magetsi amasunga mphamvu yopitirira ma volt 300 ngakhale mutazula pulagi, ndipo amatha kukhala nayo kwa kanthawi. Isiyeni ntchitoyi kwa amene anaiphunzira. Inu mbali yanu ndi kugwirizana mtengo ntchito isanayambe, kupempha kuti akuonetseni zimene achotsamo, ndi kuionera TV-yo ikuyaka pamalo pomwepo kwa mphindi zosachepera 30, popeza matenda ena amaoneka ikatentha. Mukafika nayo kunyumba, lowani pa menyu ya chithunzi, mupeze mawu akuti Backlight, muwatsitse kufika chapakatikati. Ma TV ambiri amachoka kufakitale atawalitsidwa kwambiri kuti akope maso m'sitolo, ndipo kuwala kumeneko n'kumene kumapsereza tinyali msanga. Maso anu nawonso apumulako.

Musanaipatse ntchito yatsopano, tembenuzani TV-yo muwerenge kapepala kamene kamamatidwa kumbuyo. Pali zinthu ziwiri zofunika. Choyamba ndi mphamvu ya magetsi imene imalandira. Magetsi athu ndi a ma volt 230. Pakalembedwa 100–240V palibe vuto, koma ena ochokera ku America amalandira 120V yokha, ndipo mukawalumikiza pakhoma mwachindunji amapsa nthawi yomweyo. Ngakhale amene amalandira magetsi athu, ochokera kumeneko sagwira matchanelo a kuno ndi eriyo chifukwa njira youlutsira ndi yosiyana. Amafuna dikoda yolowera pa HDMI. Ambiri amaganiza kuti TV yotero ndi yowonongeka, chonsecho ndi yabwinobwino pa ntchito zonse zimene tikambe pano.

Chachiwiri ndi ma watt, ndiye kuti kadyedwe kake ka magetsi. Ma TV opyapyala alipo a mitundu itatu imene timaipeza m'makomo. A LED, omwe anafala kuyambira cha m'ma 2010, amadya pang'ono: ya mainchesi 32 imakhala cha m'ma watt 40. A LCD akale, okhuthalirapo ndi olemera, amaunikiridwa ndi timachubu tokhala ngati nyali zazitali za m'maofesi, ndipo ya kukula komweko imadya cha m'ma watt 100. Ndiye pali a plasma, olemera ngati thumba la chimanga losadzaza, amene amatentha mukaika dzanja pagalasi. Ya mainchesi 42 imatha kupitirira ma watt 200. Makampani a Panasonic, Samsung ndi LG anali atasiya kupanga a plasma pofika kumapeto kwa 2014, kotero iliyonse imene mungaione lero yakalamba ndipo zipangizo zake zikusowa. Tiwerengere limodzi. Yunitsi imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi ma watt 1,000 kwa ola limodzi. TV ya ma watt 40 ikamayaka maola 5 pa tsiku imadya mayunitsi 6 pa mwezi. Ya ma watt 100 imadya 15. Ya ma watt 250 imadya pafupifupi 38. Amene ali pa sola asavutike n'komwe ndi plasma, batire lidzatha nkhani za madzulo zisanathe. Ine ndimaona kuti ya plasma ikafa bolodi, kuikonzetsa n'kungodzikola. Ndalamazo bola kusungira ina.

Ntchito imene ndimaiika patsogolo ndi ya pa tebulo la mwana wa sukulu. M'nyumba zomwezo zimene muli TV yogona mumapezekanso laputopu yosweka sikirini, imene inasiyidwa chifukwa sikirini yatsopano ndi yodula. Zinthu ziwirizi mukaziphatikiza ndi chingwe cha HDMI mwapeza kompyuta yathunthu. Onjezani kiyibodi ndi mausi zolowetsa pa USB, basi. Makompyuta akale opanda HDMI amakhala ndi polowera pabuluu potchedwa VGA, ndipo ma TV ambiri a zaka zimenezo alinso napo, kungoti VGA imanyamula chithunzi chokha, mawu amafuna kachingwe kawo.

Pali timavuto tiwiri timene timagwetsa anthu ulesi pa tsiku loyamba. Kena n'kakuti m'mphepete mwa chithunzi mumadulidwa, mzere wa pansi wa kompyuta osaoneka. TV imachita dala zimenezi, imakulitsa chithunzi pang'ono monga inazolowera pa matchanelo. Pa menyu ya kukula kwa chithunzi sankhani Just Scan ngati ndi LG, kapena Screen Fit ngati ndi Samsung. Ena amalemba mawu ena, koma yesani mpaka m'mphepete monse muoneke. Kachiwiri ndi zilembo zooneka ngati zili ndi mthunzi. Tsitsani Sharpness, ndipo pa kompyuta sankhani muyeso weniweni wa galasilo. Ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi a 1366 x 768, ndipo mukawakakamiza muyeso wina zilembo zimasokonekera. Kunena zoona, TV siifika pa sikirini yeniyeni ya kompyuta pa nkhani ya zilembo zing'onozing'ono, timadontho take n'totalikirana. N'chifukwa chake mwana asakhale nayo pafupi ngati buku. Ya mainchesi 32 ikhale pa mtunda wa mita imodzi kapena kuposerapo, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso kapena kutsikirako pang'ono kuti khosi lisamapweteke. Yoposa mainchesi 40 siyenera pa tebulo lowerengera. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse munthu ayang'ane chinthu chakutali, cha pa mamita 6, kwa masekondi 20. Munthu akamayang'ana sikirini amaiwala kuphethira, ndiye maso amauma n'kumayabwa. Musamulolenso mwana kuwerenga mumdima TV yokha ikuwala. M'chipindamo muzikhala nyali ina.

Wina afunsa kuti nanga intaneti poti mabandulo akudula chonchi? Zambiri zothandiza pa sukulu sizifuna intaneti tsiku ndi tsiku. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix imene imasunga Wikipedia ndi mabuku ena mu kompyuta kuti muziwerenga popanda netiweki. Mumaikopera kamodzi pamalo pamene pali intaneti yabwino, ndipo mungathe kusankha zigawo zing'onozing'ono monga za sayansi, masamu kapena zaumoyo. Palinso Kolibri, yomwe imasunga makanema a maphunziro ndi mafunso oyeserera. Ngakhale popanda kompyuta, TV yokhala ndi polowetsa fulashi imathandiza. Jambulani ndi foni mapepala a mayeso akale a MANEB kapena zojambula za m'buku la Biology limene ana anayi akulimbirana, muike pa fulashi, onse aziona pamodzi pagalasi lalikulu. Dziwani kuti ma TV ambiri amatsegula zithunzi za JPEG ndi makanema a MP4 koma satsegula PDF, ndipo akale ena amakana fulashi imene sinakonzedwe m'njira ya FAT32. Wa pa malo okopera nyimbo ndi mafilimu kumsika amazidziwa zimenezi, mufotokozereni.

Ntchito yachiwiri imandikhudza mtima kwambiri, ndipo siikambidwakambidwa. Ndi ya agogo athu amene maso ayamba kuchita chidima. Munthu akapitirira zaka 40 amayamba kutalikitsa pepala powerenga, ndipo akamakula zilembo zing'onozing'ono zimamusowa. Taganizirani mayi wachikulire amene akumwa mankhwala a BP ndi a shuga, timapepala ta mankhwalawo tili ndi zilembo ngati nyerere, mapilitsi oyera onse ofanana. Amadalira mdzukulu kuti amuwerengere, mdzukuluyo akapita kusukulu amangoganizira. Mdzukulu yemweyo angathe kujambula kapepala kalikonse pamodzi ndi pilitsi lake, n'kuika zithunzizo pa fulashi motsatana, m'mawa, masana, madzulo. Agogo akaphunzira mabatani atatu a pa rimoti amaona dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake m'zilembo zazikulu ngati chikhatho. Chofunika n'chakuti zithunzizo zizisinthidwa tsiku lomwelo limene achipatala asintha mankhwala, chifukwa chithunzi chakale chingasocheretse munthu kuposa kusowa chithunzi. Makalata, masamba a buku limene amakonda kuwerenga m'mawa, manambala a foni a ana awo, zonsezi zingaoneke chimodzimodzi. Ndipo ana a kunja akaimba pa kanema kudzera pa laputopu ija, agogo amaona nkhope za zidzukulu bwinobwino m'malo mofinya maso pa kafoni.

Koma TV isakhale chifukwa chozengereza kupita nawo kuchipatala. Kusaona bwino kwa okalamba nthawi zambiri kumathetsedwa ndi magalasi owerengera, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi imene imachitika kuno konkuno, monga ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma. Wodwala shuga ayenera kupimitsa maso chaka ndi chaka ngakhale akuona bwino, chifukwa shuga imawononga mitsempha ya mkati mwa diso mwakachetechete.

Pa za kulumikiza foni ku TV ndichenjezeko pang'ono, poti ambiri aonongapo ndalama. Si foni iliyonse imene imatumiza chithunzi kudzera pa chingwe, ngakhale chingwecho chilowe bwino. Mafoni ambiri otsika mtengo sachita zimenezi. Musagule chingwe kapena kachipangizo kolumikizira musanayese ndi foni yanu pamaso pa wogulitsa.

Kunja kwa nyumba ntchito ziliponso. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amayi amakhala pabenchi maola angapo tsiku la sikelo, ndipo mlangizi wa zaumoyo amalankhula kamodzi m'mawa, obwera mochedwa osamva. TV yakale yoyenda ndi fulashi ingathe kumabwereza uthenga womwewo tsiku lonse: kasungunulidwe ka paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo, magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi zithunzi za zakudya za m'dera lomwelo, kasambidwe ka m'manja, zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera. Pa ntchito iyi ngakhale TV yakufa masipika imakwanira, mwinanso ndiyo yabwino, chifukwa siisokoneza anamwino poitana mayina. Uthengawo ulembedwe ndi azaumoyo enieniwo, ndipo wopereka TV ayambe wakambirana ndi oyang'anira chipatala za magetsi ndi chitetezo chake. Mphatso imene ifika mosakonzekera imathera m'sitolo ya chipatala.

Kutchalitchi kumene mabuku a nyimbo sakwanira, ma TV awiri m'mbali mwa guwa amaoneka bwino masana kuposa pulojekita, imene imafuna mdima. Zilembo zikhale zazikulu, mizere inayi basi pa tsamba limodzi. Wa golosale kapena malo odyera angaonetsepo mitengo, n'kumaisintha osafufuta bolodi, ndipo masiku ano mitengo ikusintha kawirikawiri. Amene anaika makamera achitetezo safunika kugula sikirini yapadera. Pa ntchito zoonetsa chithunzi chimodzi kwa maola ambiri musagwiritse ntchito plasma, chifukwa chithunzi chokhalitsa chimadindika pagalasi lake osachokanso.

Tsopano malo amodzi amene sindikuvomereza, ndipo ndi kumene ma TV ambiri okonzedwa amathera: kuchipinda kwa ana. Makolo amati bola tisamalimbirane rimoti. Mtendere umabweradi pabalaza, koma mtengo wake amalipira ndi mwana. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wakhala akuonetsa kuti ana amene ali ndi TV kuchipinda amagona mochedwa ndiponso maola ochepa, ndipo kuwala kwa usiku kumachedwetsa timadzi ta m'thupi totchedwa melatonin timene timabweretsa tulo. Mwana wosagona mokwanira amasinza m'kalasi, sachedwa kupsa mtima, ndipo kholo silidziwa zimene akuonera chitseko chili chotseka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, kucheperapo n'kwabwino koposa. Mwana wa msinkhu umenewu amaphunzira kulankhula poyankhulana ndi anthu, kanema samuyankha. Ngati TV yachiwiri ikhala ya sukulu, ikhale pamalo pamene akuluakulu amadutsa, isalumikizidwe ku dikoda, ndipo izizima ola limodzi nthawi yogona isanakwane. Kuphikira nako sindikulimbikitsa. Utsi wa mbaula ndi nthunzi ya mafuta zimamata mkati, ndipo banja limene likudya maso ali pa kanema silimva kukhuta.

Kulikonse kumene mwaiika, ikhazikike molimba. Ma TV akale ambiri anataya miyendo yake, ndiye anthu amangowatsamiritsa kukhoma pamwamba pa kabati. Mwana wongoyamba kuyenda amakoka chingwe kapena kukwera madilowa, TV n'kumugwera pamutu, ndipo ana avulalapo koopsa m'njira imeneyi. Kumbuyo kwa TV kuli mabowo anayi a mabawuti otalikirana mwa muyeso wodziwika, monga mamilimita 100 kapena 200, ndipo wowotcherera aliyense waluso angakupangireni chokolekera mukamupatsa muyesowo. Mabawuti asatalike kwambiri, angaboole bolodi mkati. Khoma la njerwa zootcha limagwira. La zidina silidalirika, bola kumangirira TV-yo ku tebulo lolemera. Siyani mpata kumbuyo kuti mpweya uziyenda, ndipo tinsalu toluka tokongoletsera tija tisamatseke mabowo a pamwamba TV ikuyaka.

Chimene chinaipha poyamba chingaiphenso. Magetsi akazima, zimitsani pa soketi, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo, chifukwa nthawi imene akubwerayo ndi pamene amalumpha. Kachipangizo kotetezera kamene ena amaika pa furiji kaliponso ka TV. Nyengo ya mvula kukayamba ziphaliwali zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha eriyo kapena cha dishi, poti mphenzi imalowera kumenekonso. Ndipo ngati ndi TV yolowa pa intaneti imene mukupatsa ena, yambani mwafufuta zonse pa Factory Reset kuti maakaunti anu asapite nayo.

Nanga yong'aluka galasi ija? Ngati ndi ya LED ndipo nyali zake zikuyaka, wokonza angachotse galasi losweka n'kusiya nyalizo ndi mapepala oyera amene amamwaza kuwala. Chotsalacho ndi nyali yaikulu yowala mofatsa ngati windo la m'mawa, yopanda mithunzi yakuthwa. Telala wosoka usiku, mayi wojambula makeke kapena zovala zogulitsa pa WhatsApp, wokonza mafoni, onsewa angaikonde. Ntchito imeneyi ndi ya wodziwa zamagetsi, ndipo atsekenso kumbuyo bwinobwino kuti zala za ana zisafike pa mabolodi.

Ya timachubu ija musaiyese zimenezi. Timachubu timeneti tili ndi mercury, pang'ono m'kachubu kalikonse, koma mu TV yaikulu timapitirira khumi, ndipo n'topyapyala ngati udzu, sitichedwa kuthyoka. Mercury imauluka ngati mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo imawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba ndi makanda. Dziko linaphunzira kuopsa kwake ku Minamata, ku Japan, kumene matenda obwera ndi mercury ya m'fakitale anadziwika mu 1956 pakati pa mabanja odya nsomba za m'nyanja ya kumeneko. Pangano la maiko lochepetsa mercury, limene linasainidwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, linatenga dzina la mzinda umenewu. Kachubu kakasweka m'nyumba, tulutsani ana ndi amayi oyembekezera, tsegulani mawindo, mutulukemo kwa mphindi 15. Musasese ndi tsache, limamwaza fumbilo. Wolani zidutswa ndi makatoni awiri olimba, tolani tizidutswa totsala ndi selotepi, pukutani ndi pepala lonyowa, zonsezo muike m'botolo lotseka bwino, ndipo musambe m'manja.

Chimene ndikupempha kwambiri n'chakuti TV isapite kudzala. Kwathu kuno dzala timalitentha, ndipo pakapita chaka timafukula zotsalazo n'kukathira kudimba ngati manyowa. Mapulasitiki a TV amasakanizidwa ndi mankhwala oletsa moto, mawaya amakutidwa ndi pulasitiki imene ikapsa imatulutsa utsi wa poizoni, ndipo mabolodi akale anawotchereredwa ndi mtovu. Mtovu suwola. Umakhala m'phulusa, umalowa m'dothi momwe ana amasewera, ndipo umafooketsa nzeru za mwana mosabwezeka. Anyamata otentha mawaya kuti apeze kopa wogulitsa amapuma utsi umenewu tsiku ndi tsiku. Malo a Agbogbloshie mu mzinda wa Accra ku Ghana anatchuka dziko lonse chifukwa cha ntchito yomweyi, ndipo mu 2021 WHO inatulutsa lipoti lapadera lochenjeza za ana ndi amayi oyembekezera amene amakhala ndi kugwira ntchito pa malo otere. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizinafike pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Maiko a mu Africa anagwirizana kale ku Bamako mu 1991 kuti zinyalala zoopsa zisamalowe kuno, komabe zipangizo zakufa zimabwera zitasakanizidwa ndi zamoyo pa dzina la kaunjika. Pogula TV ya kaunjika musalole zoti mukayesera kunyumba. Iyake pomwepo, muone chithunzi choyera mbali zonse, muyese polowera HDMI paliponse ndi pa fulashi.

TV imene yafa kotheratu ipititseni kwa wokonza yemwe uja, yathunthu, yosamasula. Kwa iye bolodi la magetsi, masipika, miyendo, rimoti ngakhale mabawuti ndi zipangizo zokonzera TV ya munthu wina, ndipo ena amachotserako mtengo wa ntchito imene akukugwirirani. Mufunseni kumene amapititsa zotsala, makamaka timachubu tija. Akakuuzani kuti amatentha kuseri kwa shopu, funani wina. Ngati palibe kopita nayo panopa, isungeni choimika pamalo ouma, galasi litayang'ana kukhoma, osasanjikapo katundu, ndipo muchotse mabatire mu rimoti asanatuluke madzi.